Kodi patenti tiziitcha chiyani pa wailesi?

Bambo wina wa ku Matero, amene amamasulira nkhani za pa wailesi, wafunsa kuti: "Ndapatsidwa nkhani yonena kuti luso la dziko limayezedwa ndi kuchuluka kwa mapatenti, ndipo kuti mapatenti akachuluka chuma chimakula. Kodi mawu akuti patenti ndiwasiye momwemo?"

Asiyeni momwemo, Bambo: patenti imodzi, mapatenti ambiri. Koma mukawatchula koyamba, fotokozani kuti ndi chikalata chimene boma limapatsa munthu wotulukira chinthu chatsopano, kuti wina asachipange kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake kwa zaka 20. Kuno ku Zambia amapereka ndi a PACRA, ofesi ya boma yolembetsa mapatenti, motsatira lamulo la 2016. Ena amadzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za mapatenti limene likulu lake lili ku Harare, ngakhale pangano lolikhazikitsa linasainidwa muno mu Lusaka mu 1976. Musanene kuti "chiphaso" basi, poti a PACRA omwewo amalembetsanso makampani, ndiye womvera angaganize kuti mukunena za pepala la bizinesi.

Mneni woyenera ndi kutulukira. Kupeka n'kwa nyimbo ndi nthano, ndipo zimenezo zili ndi lamulo lake lina. Kupanga nakonso sikukwanira: kalipentala wa ku Kalingalinga amapanga mipando yokongola tsiku ndi tsiku, koma mpando sanautulukire ndi iye.

Pamene ndikufuna musamale kwambiri ndi pa timawu ting'onoting'ono. "Mapatenti olembetsedwa mu Zambia" ndi "mapatenti a anthu a ku Zambia" ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bungwe la WIPO ku Geneva, loona za mapatenti pa dziko lonse, limawerenga padera mapempho a eni dziko ndi a akunja, ndipo m'mayiko ambiri a mu Africa ochuluka amachokera ku makampani akunja amene akuteteza mankhwala ndi makina awo pa msika wathu. Mukasinthanitsa "mu" ndi "a", mwapatsa anthu athu mbiri ya luso la eni ake. Komanso pempho si patenti. Wina amapereka mapepala, akatswiri n'kuwaunika, mwina n'kukana. Nenani kuti "apempha patenti" kufikira atapatsidwa.

Ndipo ine sindingalole chiganizo chakuti "dziko lopanda mapatenti lilibe luso". Wowotcherera zitsulo amene wakonza chigayo kuti chizidya mafuta ochepa sapita kukalembetsa, nthawi zambiri chifukwa ndalama zake ndi mapepala ake n'zolemetsa. Luso alinalo, kungoti silinalowe m'kaundula. Chiganizo choona ndi chakuti "mapatenti amasonyeza gawo la luso limene lalembetsedwa".

Mayi wina, mphunzitsi ku Chilenje, akufunsa ngati "kukula kwa chuma" ndi "chitukuko" zili zofanana, komanso ngati ana azilemba "cuma" kapena "chuma".

Za kalembedwe n'zachidule, Mayi. Mabuku a Cinyanja a m'sukulu za kuno amalemba "c", a ku Malawi amalemba "ch". Tsatirani buku la kalasi yanu, musasakanize m'nkhani imodzi.

Funso linalo ndiye lalikulu. Kukula kwa chuma ndi nambala: mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zopangidwa m'dziko pa chaka, imene a ZamStats, ofesi ya boma ya ziwerengero, amawerengera, poyerekeza ndi chaka chapitacho. Chitukuko ndi chimene munthu amachiona pakhomo, monga madzi a pampopi, mankhwala kuchipatala, msewu wopitika nthawi ya dzinja. Nambala ikhoza kukwera mpopi uli wouma.

Kwa nonse awiri, chenjerani ndi "chifukwa cha". Chuma cha Zambia chimatsamira kwambiri pa mkuwa, choncho mtengo wake ukakwera pa msika wa ku London, chuma chimakula popanda patenti yatsopano ngakhale imodzi. Mu 2024 chilala chinapsereza chimanga, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima maola ambiri, ndipo mafakitale anavutika mosayang'ana kuti ali ndi mapatenti angati. Kwinanso dziko limayamba lalemera, kenako n'kupeza ndalama zolipirira ofufuza ndi maloya olembetsa zotulukira zawo. Ngati nkhani yanu yangoona manambala awiri akukwera nthawi imodzi, nenani kuti "zimayendera limodzi". Mawu akuti "chifukwa cha" muwagwiritse ntchito pokhapokha ofufuzawo atasonyeza kuti chinayambitsa chinzake ndi chiti.