Bwanji mafilimu a ku Poland okhudza anthu a transgender amadzaza ndi za kukhoti?

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona zimene mwaona mu filimu ya Kobieta z..., zoti munthu wa transgender (wodzimva kuti ndi mkazi ngakhale anamulemba kuti ndi mwamuna pobadwa) wofuna kuti ziphaso zake zimutchule mkazi m'malo mwa mwamuna ankayenera kusumira makolo ake omubereka, komanso ngati pali mafilimu ena a ku Poland pa nkhaniyi. N'zoona ndithu, sanapeke. Ndipo mukalimvetsa lamulolo, mafilimu enawo sakuvutani.

Dziko la Poland lilibe lamulo lapadera la nkhaniyi. Makhoti ankadalira gawo 189 la malamulo oyendetsera milandu ya pakati pa anthu wamba, ndipo mlandu wotere umafuna mbali ziwiri, wosuma ndi wosumiridwa. Mu 1995 Khoti Lalikulu linagamula kuti osumiridwawo azikhala makolo. Munthu ankayamba wapita kwa dokotala wa za kugonana ndi kwa katswiri wa zamaganizo kuti amulembere chikalata cha F64.0 chotsimikizira kuti ndi wa transgender, n'kuyamba kulandira mahomoni, kenako n'kukasuma. Nthawi zambiri khoti linkaitananso katswiri wakewake kuti amuyeze. Chigamulo chikatuluka m'pamene ankasintha chikalata cha kubadwa, dzina ndi nambala ya PESEL (nambala yomuzindikiritsa munthu m'kaundula wa boma), chifukwa pa manambala 11 a PESEL, ya nambala 10 imaulula ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Opaleshoni ya ziwalo zobisika madokotala sachita chigamulo chisanatuluke, poopa gawo 156 la malamulo a zaupandu limene limalanga wochotsera mnzake mphamvu yobereka. Amene anali pabanja ankayenera kuyamba wathetsa ukwati, popeza dzikolo silivomereza ukwati wa akazi awiri kapena amuna awiri.

Povuta panali pa makolopo. Akatsutsa kapena kuchita apilo, mlandu unkatha zaka. Ngakhale mayi wogwirizana ndi mwana wake ankalandirabe masamoni ngati wolakwa, zimene ine ndimaona kuti zinali nkhanza zopanda chifukwa. Makolo akakhala kuti anamwalira, khoti linkasankha munthu woimira mbali yawo. Nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lofewetsa zonsezi mu 2015, koma Pulezidenti Andrzej Duda anakana kulisaina. Pa 4 March 2025 m'pamene Khoti Lalikulu linanena kuti kusumira makolo sikufunikanso. Choncho mafilimu onse amene nditchule akuonetsa mmene zinalili tsikuli lisanafike.

Yambani ndi Mów mi Marianna ya Karolina Bielawska, ya mu 2015. Si sewero, ndi moyo weniweni wa mayi wina wa zaka za m'ma 40 amene anasumira makolo ake, banja lake n'kumutalikira. Atangochitidwa opaleshoni imene anailakalaka kwa zaka zambiri, anadwala sitiroko n'kufa ziwalo zina. Mkazi amene anali naye pabanja samaoneka pa kamera, ndiye mbali ya ukwatiwo imamveka kudzera mwa ochita zisudzo awiri amene akuwerenga sewero limene Marianna analemba. Njira imeneyi ndi imene imaipatsa filimuyi mphamvu: mawu a mkazi uja amamveka, ululu wake sanaubise, komabe sanamukakamize kuonekera. Filimu yosamala mbali zonse ziwiri chonchi ndi yosowa.

Trans-akcja ya Sławomir Grünberg, ya mu 2010, imatsatira Anna Grodzka, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe lothandiza anthu a transgender la Trans-Fuzja mu 2008. Chaka chotsatira filimuyi itatuluka, anthu a ku Kraków anamusankha kukhala phungu, ndipo lamulo lokanidwa la 2015 lija iye ndi amene analilimbikira.

Tsopano Kobieta z... imene mwaonerayo. Anaipanga Małgorzata Szumowska ndi Michał Englert, ndipo inapikisana nawo pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 2023. Imatsatira Aniela kwa zaka 45 m'katauni kakang'ono, kuyambira nthawi ya chikomyunizimu, kudutsa nthawi ya Solidarność (mgwirizano wa ogwira ntchito umene unalimbana ndi boma la chikomyunizimu), mpaka masiku ano. Dzina la filimuyi, lotanthauza "Mkazi wa...", likukumbutsa mafilimu a Andrzej Wajda, Człowiek z marmuru ("Munthu wa mwala wa mabo") ndi Człowiek z żelaza ("Munthu wa chitsulo"), onena za ogwira ntchito olimbana ndi boma. Funso lobisika pamenepo n'lakuti: dziko linamasuka mu 1989, nanga ufulu wa Aniela unatsalira kuti? Mukaionera kachiwiri, maso akhale pa Iza, mkazi wake, amene akuseweredwa ndi Joanna Kulig. Banjali likukakamizidwa kusudzulana chikondi chisanathe. Chodandaulitsa, chimene anthu ambiri a transgender ananena poyera, n'chakuti Aniela wamkulu akuseweredwa ndi Małgorzata Hajewska-Krzysztofik, yemwe si wa transgender, pomwe eni nkhani anapatsidwa mbali zing'onozing'ono. Wasewera bwino kwambiri, koma dandaulolo ndi lomveka.

Fanfik ya Marta Karwowska, ya pa Netflix mu 2023, yochokera m'buku la Natalia Osińska, ndiyo yosiyana. Tosiek ndi mnyamata wa transgender wa ku sekondale, amakhala ndi bambo ake okha, ndipo nkhondo yake ndi ya tsitsi, zovala ndi dzina limene anzake amuitanire. Womusewera, Alin Szewczyk, nayenso ndi wa transgender. Ndi filimu yopepuka, mavuto amatha msanga kuposa mmene zimakhalira, koma kwa kholo lofuna poyambira kucheza ndi mwana ndi yothandiza.

Ena akuuzani za Poszukiwany, poszukiwana ya Stanisław Bareja kapena Seksmisja ya Juliusz Machulski ya mu 1984. Musaziwerengere m'gululi. Amuna a mmenemo amavala chikazi pothawa mavuto kuti oonera aseke, ndipo palibe mmodzi yemwe amene amadzimva kuti ndi mkazi.