Kodi wopondana ndi Chisomo naye dzina lake liyambe ndi Chi?

Funso: Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 3, dzina lake Chisomo, ndipo ndikuyembekezera wina mu Okutobala. Bambo ake akuti dzina la wobwerayo liyambenso ndi Chi kuti anthu azidziwa kuti ndi pachibale. Iwo asankha Chifundo, apo ayi Chelsea. Ine mtima wanga uli pa Tiyamike, koma akuti silikugwirizana ndi la mkulu wake. Kodi pa Chichewa mayina a ana a bere limodzi amagwirizana bwanji? Ndine mayi wa ku Area 25, ku Lilongwe.

Yankho: Amake Chisomo, funso lanu landikomera kwambiri, ndipo ndakuitanani chonchi dala. Tsiku limene mwana wanu wachisamba anatuluka m'chikuta n'kupatsidwa dzina, nanunso munatchedwa dzina latsopano, amuna anu n'kusanduka bambo a Chisomo. Dzina la mwana woyamba limavalidwa ndi nyumba yonse. Wachiwiri amapeza nkhani itayambika kale, ndiye dzina lake limabwera kudzayankha kapena kudzapitiriza zimene loyamba lija linanena.

Bambo a Chisomo andikhululukire, koma Chi amene akumudalirayo alibe chibale chilichonse m'kati mwake. Amene tinaphunzira magulu a mayina kusukulu tikukumbukira gulu la Chi-Zi. Chi wa mu Chisomo ndi yemweyo wa mu chingwe, chitseko ndi chimanga. Ntchito yake ndi kuika mawu m'gulu, basi. Mukafuna umboni tengani Chisomo ndi Chisoni. Akusiyana phatikizo lomaliza lokha, pakamwa amayenderana bwino zedi, koma ndani angafune kuti mwana wake mmodzi akhale chisomo cha pakhomo, mnzake chisoni chake? Kondwani ndi Nditani nawonso amathera mofanana, pamene wina akuitanira anthu ku chikondwerero, wina akulira kuti wasowa mtengo wogwira.

Chibale chenicheni cha mayina athu chimakhala m'tsinde la mawu, ndipo apa ndi pamene ndimakonda kuchedwapo. Tengani mneni kudala, uja timamumva m'tchalitchi akamati odala ali akutiakuti. Munthu amadala, wina amamudalitsa, chimene wapatsidwacho ndi dalitso, zikachuluka ndi madalitso. Ndiye Tadala, Dalitso ndi Madalitso ndi ana a mayi mmodzi, ngakhale wina akuyamba ndi T, wina D, wina M. Kuyamika kunabala Yamikani, Tiyamike ndi Mayamiko. Kukonda kunabala Chikondi, ndipo pambali pake pali kukondwa kumene kunatipatsa Kondwani ndi Takondwa. Chimwemwe mumamumva mu kumwemwetera, nkhope ikamawala. Chifundo, khutu langa limamumva ali pafupi ndi kufunda, ngati mtima umene wafunditsa mnzake nsalu usiku wa mu Juni, ndipo palibe angandichotse pamenepo.

Onaninso kuti mayina ambiri mwa awa ndi ziganizo zathunthu. Ta wa mu Tadala akunena kuti ife, zatichitikira kale. Ti wa mu Tiyamike ndi ife yemweyo, ndipo e wakumapetoyo akupempha kuti tiyeni tichite. Ani wa mu Limbani, Fatsani ndi Ganizani akulankhula ndi anthu ambiri kapena ndi munthu wamkulu. Makolo athu ankatcha dzina ali ndi omvera m'maganizo: Mulungu, apongozi, mkazi mnzawo wa pamitala, anansi amene ankaseka kuti nyumba iyi simudzalira mwana. Zione ndi Lekani ndi mawu oponyedwa kwa anthu otero, ndipo mudzi wonse unkadziwa amene akunenedwa.

Azakhali anga anakhala zaka zambiri pabanja osaona mwana. Atabadwa woyamba anamutcha Pemphero. Patapita zaka ziwiri kunabwera wina, agogo n'kunena kuti uyu ndiye Yankho, chifukwa mmodzi anthu akanati ndi mwayi chabe, koma awiri ndiye kuti kumwamba kunamva. Mayina awiriwa safanana chilembo ngakhale chimodzi choyambirira, koma sindinaonepo mayina ogwirizana kuposa amenewa. Kuwaitana motsatizana kunali ngati kunena mbiri ya nyumbayo. Mwa njira yomweyo mumapeza Mavuto atapondana ndi Chitonthozo, kapena Chiyembekezo atatsogolera Tadala. Ngakhale dzina lachilendo limatha kugwira ntchito imeneyi. A Lazarus Chakwera, amene anabadwa mu 1955 n'kusankhidwa kukhala pulezidenti mu 2020, anatsatira ana aamuna awiri amene anamwalira ali makhanda, ndipo bambo awo anawatcha dzina la munthu wa m'Baibulo amene anatuluka m'manda. Dzinalo linali kuyankha abale amene sanakule.

Sindikunena kuti kufananitsa zilembo ndi mlandu. Tabitha ndi Temwa Chawinga, atsikana a ku Rumphi amene atchukitsa dziko lino pa mpira wamiyendo, mayina awo amayamba ndi T onse, lina la m'Baibulo, lina la Chitumbuka kuchokera ku kutemwa, kumene ife timati kukonda. Amamveka bwino ndithu, chifukwa ukangodutsa T mayinawo amapatukana msanga. Vuto la Chi ndi lakuti ndi phatikizo lathunthu, ndipo ndi limene limamveka kwambiri munthu akamakuwa.

Kwathu tinayandikana ndi nyumba ya ana atatu: Chikondi, Chifundo ndi Chimwemwe. Dzuwa likapendeka mayi awo ankaimirira pakhonde ali ndi lichero m'manja n'kuitana kudambo kumene tinkasewera. Chimene chinkatifika ndi Chiii yekha, kwinako kwapita ndi mphepo. Atatu onse ankayang'anana, aliyense n'kumati akuitana iwe, mpaka mayiwo kutsetsereka okha atakwiya. Ndiye ana amafupikitsa mayina, simungawaletse. Chikondi anali Chiko, Chimwemwe anali Chimwe, ndipo Chifundo anatsala ndi Chifu. Tsiku lopha mbuzi anzake ankanyamula chifu chija n'kumamuitana kuti adzatenge dzina lake. Mnyamatayo ankalira mpaka kukana ndiwo. Zimenezi muziganizire, chifukwa dzina limakakhala pabwalo la sukulu nthawi yaitali kuposa pa chiphaso.

Kumbali ya tanthauzo, Chifundo sakulakwika ngakhale pang'ono. Chisomo, chifundo ndi mtendere timazitchula pamodzi m'mapemphero, ndipo bambo a mwana akakakamira pamenepo musapsetsane nazo mtima. Komabe chifundo chikungobwereza zimene chisomo chanena kale, ngati munthu wopereka moni kawiri. Chelsea ndi dera la mumzinda wa London, ndi dzinanso la timu ya mpira ya kumeneko. Kwa Chisomo silikunena kanthu, ndipo agogo kumudzi adzalisandutsa Chelesi tsiku loyamba lomwelo. Ngati bambo amalikonda, likhale dzina lapakati.

Tsono yesani kunena mokweza: Chisomo, Tiyamike. Mwamva? Mwana woyamba akunena chimene munalandira, wachiwiri akunena chimene muyenera kuchita nacho. Chiganizo chathunthu, chosasowa kanthu. Amene akuti mayinawa sakugwirizana akuwayang'ana ndi maso papepala, sakuwamvetsera. Ine ndili kumbali yanu, amake Chisomo, ndipo ndikutero mosakayika. Ubwino winanso ndi wakuti Tiyamike sasankha mwamuna kapena mkazi, monga mmene alili mayina athu ambiri, ndiye kaya Chisomo alandira mng'ono kaya mlongo, dzinalo lidzamukwana. Bambo akafuna lomveka mwamphamvu, Yamikani kapena Thokozani akunena zomwezo, kungoti akutembenukira kwa anthu m'malo monena za ife.

Chotsala ndi kalembedwe, ndipo pamenepa ndiye pamandipweteka mtima. Pa Facebook ndimaona Chisomoh, Tadalah, Thokoh. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, h wakumapetoyo alibe chimene akugwira, amangodetsa dzina limene munthu analiganizira usiku wonse. Pali kusiyana kwina kumene kuli ndi mbiri yake. Malamulo a kalembedwe amene bungwe loona za chiyankhulo chathu la Chichewa Board linatulutsa anachotsa b mu bv, n'chifukwa chake m'banja limodzi mumapeza malume Mabvuto ndi mphwawo Mavuto, ndipo ku Chipata ambiri akulembabe Mabvuto mpaka lero. Izo n'zomveka. Koma dzina lanu lilembedwe ndi y wake, Tiyamike, chifukwa mneni ndi kuyamika. Mulilembe nokha papepala mwezi usanakwane, muliike m'chikwama limodzi ndi zitenje ndi matewera, kuti wolemba kalata yakubadwa kuchipatala akangokopera. Ndinaonapo mwana atalembedwa Tiamike pa kalata ina, Tiyamike pa ina, ndipo makolo ake anayenda maulendo angapo ku boma asanamutengere pasipoti.