Kukonza chithunzi cha mbalame yojambulidwa m'nkhalango yamdima

Bambo wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo yofunsa motere: "Ndinajambula nkhulukulu m'nkhalango ya ku Ruo, koma chithunzi chatuluka chakuda, chodzaza timadontho, ndipo mbalame yonse ikuoneka yobiriwira ngati masamba. Kodi pulogalamu ya pakompyuta ingachikonze?"

Bambo, nkhani yagona pa mtundu wa fayilo imene kamera yanu inasunga. Fayilo ya JPEG, chomwe ndi chithunzi chimene kamera yakonza kale, imasunga magawo 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu (wofiira, wobiriwira ndi wabuluu), pamene fayilo yosakonzedwa yotchedwa RAW, ikakhala ya 14-bit, imasunga magawo 16,384, n'chifukwa chake mukawalitsa malo amdima a JPEG chithunzi chimasanduka mawangamawanga, koma RAW imapirira. Ngati kamera yanu imalola, muziisiya pa RAW nthawi zonse mukamalowa m'nkhalango.

Timadontho timabwera chifukwa kuwala kunali kochepa. Nkhalango za m'mphepete mwa phiri la Mulanje n'zowirira, ndipo chiperoni akatsika kamera imakweza ISO, womwe ndi muyeso wa mmene imawalitsira chithunzi, mpaka 3200 kapena 6400, ndipo timadontho timaonekera kwambiri. Pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom ili ndi chida chochotsera timadontho cha Denoise chomwe kampani ya Adobe inaikamo mu 2023, ndipo chimagwira ntchito bwino, kungoti pulogalamuyi ndi yolipira mobwerezabwereza, zimene si zapafupi kwa ambiri a ife. Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ina yotchedwa darktable, yomwe ndi yaulere, ngakhale imafuna kuleza mtima pamasiku oyambirira. Chotsani timadontho poyamba, koma musachotse tonse, chifukwa mukapitirira malire nthenga zimasalala ngati pulasitiki.

Nkhulukulu ndi yobiriwira kale mwachibadwa, koma kubiriwira kopitirira muyeso kumene mukudandaula kumachokera ku kuwala kodutsa m'masamba. Tengani chida cha white balance, chimene chimakonza mitundu kuti zoyera zioneke zoyeradi, ndi kuloza nacho pa kamzere koyera kamene kali m'munsi mwa diso la nkhulukulu, ndipo mudzaona mitundu ikubwerera m'malo mwake. Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi ojambula anzanga ambiri amene amakokera saturation, kutanthauza mphamvu ya mitundu, kumapeto. Nthenga zofiira za m'mapiko a nkhulukulu zili ndi utoto wachilengedwe wotchedwa turacin, womwe uli ndi mkuwa, ndipo n'zofiira kale mokwanira; mukawonjezera, timizere ta nthengazo timatha n'kutsala banga lofiira chabe. Kwa mbalame yosowa ngati Thyolo Alethe, imene ili pangozi yoti ingathe, kusintha mtundu wa msana kapena khosi lake loyera kungasokoneze akatswiri amene angafune kutsimikizira kuti munaionadi, choncho sungani fayilo yoyambirira osaikhudza.

Kunola chithunzi kuzikhala komalizira, ndipo muzinola mbalame yokha, makamaka diso, osati masamba akumbuyo. Koma ngati mbalame inasuntha pojambula ndipo diso lachita chimbuuzi, palibe pulogalamu imene ingabwezeretse zimene kamera sinagwire. Nditumizireni fayiloyo pa WhatsApp ngati document, chifukwa mukaitumiza ngati chithunzi wamba imachepetsedwa, ndipo sindingathe kuona bwino ngati disolo linagwidwa.