Yankho kwa asuweni pa chithunzi cha odya mbatatesi

Asuweni, uthenga wanu ndaumvetsera kawiri, ndipo chithunzi chimene mukupenta, chotengera cha odya mbatatesi, ndachiona. Mwafunsa kuti mugule penti ya mtundu wanji kuti nkhope za anthu anuwo ziyere, poti zikuoneka zothimbirira. Ndiyankha, koma ndikuona kuti chakuvutani si penti ayi. Mwaona kuti anthuwo sakukongola, ndiye mwayamba kukayika ngati luso muli nalo. Ndinu omwe aja munkafufuta homuweki mpaka pepala kubooka, ndipo simunasinthe.

Chithunzi mukutengeracho Vincent van Gogh, katswiri wojambula ndi penti, anachijambula mu 1885 ku Nuenen, m'dziko la Netherlands, ndipo muli alimi asanu akudya mbatatesi pansi pa nyali imodzi, mayi wina akuthira khofi. Iye ankafuna dala kuti khungu lawo lifanane ndi mbatatesi yosasenda, ya dothi lake, ndipo asanachiyambe anatha nyengo yonse yozizira akujambula mitu ya alimi pafupifupi 40. Ojambula a Expressionism, kajambulidwe koonetsa za mumtima koposa maonekedwe enieni, amene anabwera pambuyo pake anaphunzira kwa iye kupotoza maonekedwe kuti kutopa kwa munthu kuoneke. Kutengera chithunzi cha wina musachite nako manyazi, chifukwa Van Gogh yemweyo ali m'chipatala ku Saint-Rémy, ku France, mu 1889 ndi 1890 anatengera zithunzi za alimi za wojambula wa ku France, Jean-François Millet, pafupifupi 20.

Dikirani kaye, ndikufunseni. Mukuchikumbukira chithunzi cha amalume a ku Kasungu, bambo anu aakulu, chija chili pakhoma kwa agogo? Chinajambulidwa chaka cha ukwati uja, iyayi, ndalakwitsa, ukwati unachitika chaka chotsatira, chimenechi chinali chaka chimene anakolola fodya wambiri. Wojambula anafika pa njinga masana, amalume ali m'chigafa akusoka fodya. Amalume anathamangira kukabwereka jekete, kenako anakhala pa mjigo nthawi yaitali akutsuka manja ndi sopo ndi mchenga, koma phula la fodya linakana kuchoka m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya zala. Pamapeto pake anaimirira tsonga, manja onse awiri atawabisa kumbuyo. Chithunzi chitabwera patapita milungu iwiri, agogo anachiyang'anitsitsa, n'kunena kuti munthuyo akuoneka ngati kalaliki wa kuboma, osati mwana amene iwo anabereka. Tinaseka tonse, koma ine ndinawamvetsa nditakula. Ndikawakumbukira amalume, chimene chimabwera poyamba ndi zala zija, zikuluzikulu, zokhota m'mfundo, zotema nsima yotentha osapsa, ndipo pachithunzi chija palibe ngakhale chala chimodzi.

Ndibwerere kwa inu. Ndakulitsa chithunzi chanu pafoni, ndipo nkhope zili bwino ndithu, kuthimbirirako n'koyenera. Chimene mwalakwitsa ndi manja, mwawachepetsa n'kuwasalaza ngati a munthu amene sanagwirepo khasu, chikhalirecho Van Gogh ankafuna kuti woona adziwe kuti manja amene akupita m'mbalewo ndi omwewo amene analima mbatatesiyo. Zili ngati mwawabisa kumbuyo monga anachitira amalume.

Za penti, musagule yambiri. Yellow ochre (yachikasu ngati dothi), burnt umber (yabulauni yoderapo), yakuda ndi yoyera zikukwanirani, mwina ndi yobiriwira pang'ono. Poyamba pakani mopyapyala, mutasungunula ndi turpentine, mawindo ali otsegula, ndipo mudikire masiku awiri kapena atatu kuti iume. Mafuta a linseed muziwonjezera pamene mukupaka pamwamba, chifukwa mukayamba ndi mafuta ambiri pansi, penti ya pamwamba imadzang'aluka. Yoyera muisungire nyali, makapu ndi mfundo za zala, osati kuyeretsera masaya. Mukapaka pamene pansi pasanaume, n'kumabwerezabwereza burashi pamalo amodzi, ndi pamene mitundu imasanduka matope enieni.

Choncho nkhope muzisiye mmene zililimo, mubwerere ku manja, kapena ndinene kuti muyambe mwasiya kaye chinsalucho. Loweruka pitani kwa agogo ndi pepala ndi khala la pambaula, muwapemphe akhale pakhonde akusenda mbatatesi, mujambule manja awo okha kakhumi, aakulu monga alili. Mukatero munditumizire, ndipo mundijambulireko ndi chithunzi cha amalume chija, chifukwa changa chinatayika posamuka.