Chifukwa Chiyani Uziya Analangidwa Pamene Davide Anayamikiridwa?

FUNSO: Abusa, pa phunziro la Baibulo kumpingo kwathu tinawerenga kuti Mfumu Uziya anagwidwa ndi khate chifukwa chofuna kufukiza lubani m'Nyumba ya Mulungu, chikhalirecho Davide amayamikiridwa chifukwa chovina pamaso pa Bokosi la Chipangano. Onse awiri ankapembedza, nanga n'chifukwa chiyani mmodzi yekha analangidwa? Ndine mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Zikomo mayi. Yankho likuyambira pa zimene Mulungu ankafuna kwa mfumu ya Aisiraeli. Ku Igupto anthu ankamuona Farao ngati mulungu, koma pa Deuteronomo 17:18-20 mfumu ya Aisiraeli ikulamulidwa kukhala ndi buku lakelake la chilamulo ndi kuliwerenga masiku onse a moyo wake, kuti mtima wake usadzikuze pamaso pa abale ake. Pemphero ndi mapembedzedwe zinalipo kuti zizikumbutsa mfumu kuti nayonso ili ndi Mwini wake.

Tisaganize kuti mafumu ankaletsedwa kutsogolera mapemphero. Davide anapereka nsembe pofikitsa Bokosi ku Yerusalemu, ndipo Solomo anagwada pamaso pa anthu onse popatula Nyumba ya Mulungu. Pa 2 Samueli 6 timawerenga kuti Davide anavina ndi mphamvu zake zonse atavala efodi wa bafuta (chovala cha ansembe), mpaka mkazi wake Mikala anamunyoza kuti wadzichotsa ulemu. Davide sanachite nazo manyazi, ndipo anamuyankha kuti adzadzichepetsa kuposa pamenepo.

Za Uziya n'zomvetsa chisoni, chifukwa anayamba bwino. Analamulira zaka 52, anagonjetsa Afilisti, anamanga nsanja ku Yerusalemu, ndipo ankakonda ulimi. Koma 2 Mbiri 26:16 akunena kuti atakhala wamphamvu anadzitama, nalowa m'malo opatulika kukafukiza, ntchito imene chilamulo chinapatsa ana a Aroni okha. Wansembe Azariya anamutsatira pamodzi ndi ansembe ena 80 n'kumuuza kuti atuluke. Ine ndimaona kuti mpata wolapa unali pamenepo. Koma Uziya anapsa mtima chofukizira chili m'manja, ndipo khate linabuka pamphumi pake pomwepo. Anakhala m'nyumba yayekha mpaka imfa yake, mwana wake Yotamu n'kumayendetsa dziko. Kupembedza kwa Davide kunamutsitsa, pamene Uziya anafuna kuti guwa lofukizira lilowenso m'manja mwake monga asilikali ndi minda.

Kuti muone pemphero likuumba mfumu, werengani za Hezekiya, mfumu ya Yuda, pa 2 Mafumu 19. M'chaka cha 701 Khristu asanabadwe, Senakeribu, mfumu ya Asuri, analanda mizinda yamalinga ya Yuda ndi kutumiza kalata yoopseza Yerusalemu. Hezekiya anatenga kalatayo, anapita nayo ku Nyumba ya Mulungu ndi kuitambasula pamaso pa Yehova. M'pemphero lake sanabise kuti Asuri anawonongadi mitundu yambiri, koma anavomereza kuti Yehova yekha ndiye Mulungu wa maufumu onse a dziko lapansi, ndipo anapempha chipulumutso kuti maufumuwo adziwe zimenezi. Yankho silinabwere kwa iye mwachindunji. Linadzera mwa mneneri Yesaya, ndipo mfumuyo inayenera kulimva kuchokera pakamwa pa munthu amene inali kumulamulira.