Funsani Mayi Mlangizi: Andikana kawiri thandizo la kafukufuku, kodi ndingosiya?

FUNSO

Zikomo Mayi Mlangizi,

Ndimaphunzitsa za chilankhulo ndi chikhalidwe pa yunivesite ina, ndipo PhD ndinamaliza zaka zitatu zapitazo. Kwathu ndi ku Ntchisi. Agogo anga aakazi, omwe tsopano saonanso bwino, amadziwa nyimbo za pamtondo zosawerengeka. Atsikana a lero chimanga amapita nacho kuchigayo, ndiye nyimbozi zikupita kumanda pamodzi ndi eni ake. Ndafunsira fellowship kawiri kuti ndipeze ndalama ndi nthawi yochita kafukufuku, koma kawiri konse andiyankha kuti pepani. Mutu wa pulopozo yanga unali wakuti "Nyimbo ndi chikhalidwe cha Achewa m'Malawi, Zambia ndi Mozambique". Anzanga a zaumoyo ndi zaulimi ndalama akupeza. Kodi vuto ndi ine, kapena maphunziro athuwa alibe wowafuna?

Wokhumudwa wa ku Ntchisi

YANKHO

Mchemwali wanga, pepani. Kalata yokana imawawa, makamaka mukakumbukira tulo timene munasala ndi mabandulo amene anathera pa intaneti. Koma musasiye. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ndaona kuti kafukufuku wabwino muli naye kale. Mwamulembera ine m'malo momuika mu pulopozo.

Taonani mutu wanuwo. Mayiko atatu, nyimbo zonse, chikhalidwe chonse. M'menemo muli Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, muli chinamwali, chimtali, chitelera, nyimbo za pamaliro. Imeneyo ndi ntchito ya gulu la anthu kwa moyo wawo wonse, pomwe fellowship zambiri ndi za miyezi yochepa, zikatalika zaka ziwiri kapena zitatu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anthu osankha amakhala ndi mulu wa mapulopozo patebulo, ambiri amawerenga usiku ataweruka kuntchito zawo, ndipo amafuna kudziwa msanga kuti munthuyu akufunsa chiyani kwenikweni, komanso ngati angapeze yankho m'nthawi imene akumupatsayo.

Pulopozo yanga yoyamba inabwerera chimodzimodzi. Ndinapita nayo kwa aphunzitsi anga akale, bambo wachikulire amene anali atapuma kale pantchito. Tinakhala pakhonde, iwo anatenga cholembera chofiira n'kudula masamba awiri oyamba, momwe ndinkafotokoza kuti chikhalidwe n'chofunika ndipo chikutha. Pa tsamba lachitatu anazunguliza chiganizo chimodzi chokha, nati, "Mwanawe, yambira apa. Zoti chikhalidwe chikutha aliyense walemba." Mawu amenewo ndikuwapatsira inu.

Chiganizo chanu ndi chija cha chigayo. Ganizirani zimene mtondo unali kwa amayi. Mkazi sakanatha kuimirira pabwalo kudzudzula apongozi, kapena mwamuna wothera ndalama kumowa, kapena mkazi mnzake wapamitala. Koma akagwira munsi, awiri kapena atatu akulandizana pamtondo umodzi, ankaimba zonsezo mokuluwika, mudzi wonse n'kumva, wonenedwayo n'kudzidziwa yekha. Amuna atapita kumigodi ku Joni pa Wenela ndi Theba, amayi otsala ankadandaulira pamtondo pomwepo. Ndiye funso lanu likhale lotere: chigayo chitalanda mtondo, madandaulo a amayi a m'midzi itatu kapena inayi ya ku Ntchisi anasamukira kuti? Kodi ali mu kwaya ya kutchalitchi, m'nyimbo za pachinkhoswe, pa banki m'khonde, kapena anangomezedwa? Funso lotere wowerenga wa ku Germany amene sanaonepo mtondo alimva, chifukwa likukhudza momwe anthu opanda mawu pabwalo amayankhulira.

Muli ndi mwayi wina umene ambiri alibe. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Nyasaland, akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimene anajambula zimasungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku Makhanda, South Africa. Alembereni, mufunse zomwe ali nazo za Achewa. Mukatengera agogo ndi anzawo nyimbo zakalezo kuti amve, akakuuzani okha yomwe akuidziwa, mawu amene anasintha, ndi amene ankanenedwa m'nyimbomo. Imeneyo ndi njira yochitira kafukufuku yooneka ndi maso, ndipo muilembe momwemo: midzi yakutiyakuti, amayi angati, miyezi iti. Musaiwale kuti nthawi ya dzinja anthu amakhala kumunda ndipo misewu ina ya ku Ntchisi siyendeka. Mukalemba kuti kujambula mudzachita anthu akakolola, osankha amaona kuti malowo mukuwadziwa. Ku National Archives ku Zomba nakonso pitani mukaone zimene mabwanankubwa a maboma ankalemba za amuna opita kunja ndi za zigayo.

Pa zoti a zaumoyo ndi zaulimi ndalama amapeza mosavuta, sindikutsutsani. Ndi zoona, ndipo inenso zimandipweteka. Ngakhale African Humanities Program, imene inayamba mu 2008 ndi ndalama za Carnegie Corporation, inkalandira okhawo ogwira ntchito ku Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Wophunzitsa kuno kwathu analibe khomo lolowera. Nchifukwa chake musanalembe liwu limodzi, werengani kaye amene akuloledwa kufunsira. Simunandiuze komwe munafunsira, koma ndaonapo anthu akutaya mwezi wathunthu pa fomu yomwe dziko lawo, zaka zawo kapena chaka chomwe anamalizira PhD chinawatsekera kale kunja.

Makomo otsegukira Amalawi alipo. Ku Stellenbosch, South Africa, kuli Iso Lomso, ya bungwe la kafukufuku la STIAS, imene imayenda zaka zitatu ndipo ndi ya ophunzira a mu Africa omwe sanakhalitse chimalizireni PhD. Ku Germany bungwe la Alexander von Humboldt lili ndi Georg Forster, yoyambira miyezi 6 mpaka 24 kwa amene angomaliza PhD, koma amafuna kuti muonetse phindu la kafukufukuyo ku dziko lanu. Africa Oxford Initiative imaitana ophunzira a mu Africa kukakhala ku Oxford pafupifupi miyezi iwiri, ndipo Nordic Africa Institute ku Uppsala, Sweden, nayo imalandira alendo ochita kafukufuku. Malamulo awo amasintha chaka ndi chaka, choncho werengani a chaka chomwe mukufunsiracho. Komanso zambiri mwa izi ndi zokakhala pansi, kuwerenga ndi kulemba. Ngati simunajambule kanthu, yambani tchuti chikubwerachi ndi foni yanu, agogo akadali ndi mawu. Nyimbo khumi zojambulidwa kale, zolembedwa ndi kumasuliridwa, zimalemera mu pulopozo kuposa malonjezo a masamba asanu.

Georg Forster ndi ya ku Oxford ija zimafuna kuti mukhale ndi wokulandirani kumeneko. Apa ambiri timachita manyazi, koma safunsa anadya phula. Pezani pulofesa amene analembapo za nyimbo za amayi kapena za zolankhula pakamwa za mu Africa, werengani nkhani yake imodzi mpaka kumapeto, kenako mulembereni kalata yaifupi yonena chimene mwagwirizana nacho, chimene agogo anu akuchitsutsa, ndi chimene mukupempha. Kalata imodzi yotumiza kwa anthu makumi awiri imadziwika, ndipo sayankha.

Okuchitirani umboni muwapemphe kudakali mwezi wathunthu, muwapatse pulopozo ndi CV yanu, ndipo musankhe amene ntchito yanu akuidziwa, osati wa udindo waukulu amene dzina lanu amaliiwala. Ine fellowship ina inandidutsa chifukwa mkulu wina anavomera ndi pakamwa koma kalata sanatumize. Kuyambira pamenepo ndimakumbutsa mwaulemu kutatsala sabata ziwiri, kenakonso kutatsala masiku atatu.

Pa bajeti lembani zenizeni: thiransipoti, malo ogona, chojambulira mawu, wokuthandizani kulemba nyimbo, ndi kangachepe kothokozera amayi amene asiya ntchito zawo tsiku lonse. Ikanimonso ndalama ya chilolezo, chifukwa kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya pa yunivesite yanu kapena ya ku National Commission for Science and Technology. Kumudziko muyambire kwa amfumu. Ndipo popeza nyimbo zina zimanena anthu amene ana awo alipobe, lembani momwe mudzabisire mayina ndi momwe mudzabwezere nyimbozo kwa eni ake.

Potumiza musadikire tsiku lomaliza, magetsi athu mukuwadziwa. Akati 5 koloko madzulo nthawi ya ku London, kuno imakhala 7 koloko mu Januwale, koma 6 koloko mu Julayi. Mukalembanso tsamba loyamba, muwerengereni mnzanu wa zaulimi uja. Akatha kukubwezerani funso lanu m'mawu ake, tumizani.

FUNSO

Mayi Mlangizi, ine PhD ndilibe. Ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndipo pa mishoni ya kwathu pali mabuku akale a ubatizo ndi makalata omwe chiswe chayamba kudya. Pa WhatsApp ndaona uthenga wakuti ndikatumiza K50,000 andilembetsa fellowship ya ku Ulaya yosamalira zinthu zakale. Nditumize?

Mphunzitsi wa ku Mzimba

YANKHO

Achimwene, musatumize ngakhale tambala. Mabungwe onse opereka fellowship amene ndatchula pamwambapa salipiritsa munthu pofunsira, ndipo fomu zawo zimapezeka pa masamba awo a intaneti, osati kwa munthu wa nambala yachilendo.

Chimene chikugwirizana ndi nkhawa yanu ndi Endangered Archives Programme ya British Library, imene yakhala ikuyenda kuyambira 2004 ndi ndalama za Arcadia. Amapereka ndalama zojambulira zolemba zakale zomwe zili pangozi, ndipo mabuku enieniwo sachoka m'dziko lawo. Ndalamazo zimadzera ku bungwe, choncho mufunika kugwirizana ndi a National Archives kapena a dipatimenti ya mbiri yakale pa yunivesite, komanso kupeza chilolezo cha eni mpingo. Pakadali pano pemphani abusa kapena ansembe kuti muchotse mabukuwo pansi ndi pafupi ndi khoma, muwaike pa shelefu pamalo ouma, ndipo mulembe m'kope kuti alipo angati, a zaka ziti, ndi a chilankhulo chanji. Kope limenelo mupite nalo ku Zomba.