Utsi wa kumtaya wa msika: tikadandaule kwa yani, ndipo motani?

Talandira imelo kuchokera kwa mayi wina wogulitsa pa msika wa m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu. Akuti zinyalala zimaunjikidwa kuseri kwa mashedi, zikachuluka n'kuyatsidwa moto, majumbo ndi mabotolo omwe. Utsi umafuka masiku awiri kapena atatu, kulowera ku sukulu yapafupi kumene mwana wawo wodwala mphumu amaphunzira. Anenapo kangapo pa misonkhano koma palibe chasintha. Akufunsa kuti apite kuti, komanso ngati za kusintha kwa nyengo zimene amamva pa wailesi zikukhudzana ndi utsi umenewu.

Mayi, zikomo potilembera. Dandaulo lanu likufa chifukwa likuthera pakamwa. Chonenedwa pa msonkhano chimauluka anthu akangobalalika, koma kalata yokhala ndi tsiku ndi chidindo imakakamiza munthu wina wake mu ofesi kuti ayankhe.

Tiyambe ndi utsiwo, kuti mukaufotokoze molimba mtima. Zinyalala za m'misika ya kuno zambiri n'zonyowa: masamba a kabichi, matimati owola, makoko a kachewere. Chonyowa sichiyaka bwino, chimangonyeka pansipansi, ndipo moto wotere ndi umene umatulutsa utsi wochuluka. Mu utsimo muli tinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa PM2.5, timene timalowa mpaka mkati mwenimweni mwa mapapo. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati tinthu timeneti tisamapitirire mamaikulogalamu 15 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa tsiku. Pulasitiki akapsera momwemo amaonjezera poizoni wina. M'miyezi ya June ndi July, mpweya wozizira wa m'mawa umapanikiza utsi pansi, sukwera, ndiye ana amaupuma nthawi yomwe akulowa m'kalasi. Ku nyengo nakonso mulu umenewu ukukhudza: mwaye wakuda umasunga kutentha m'mlengalenga, ndipo zowola zounjikana zimatulutsa mpweya wa methane, umene umatenthetsa dziko.

Lamulo lili mbali yanu. Gawo 13(d) la malamulo oyendetsera dziko limati boma lisamalire chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pamalo abwino. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limapitirira apo: munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo atha kukadandaula ku bwalo la milandu. Lamulo lomweli ndilo linakhazikitsa MEPA, bungwe loteteza chilengedwe. Koma udindo woyamba pa zinyalala za msika ndi wa khonsolo, yomwe imatolera ndalama za chiphaso tsiku ndi tsiku.

Musanalembe kalata, tengani kope la sukulu, mulembemo kwa milungu inayi. Tsiku lililonse moto ukayatsidwa lembani deti, nthawi imene wayamba, nthawi imene utsi watha, mbali imene mphepo yaupititsa, ndi zimene zikupsa. Jambulani ndi foni muli malo amodzimodzi nthawi zonse, denga la sukulu likuoneka. Werengani mapazi kuchokera pamulu kufika pa kalasi yoyandikira. Mwana akabanika mupite naye kuchipatala kuti zilembedwe m'buku lake, ndipo muwauze alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzaone okha. Anthu ambiri amalakwitsa pano polemba kuti "tikuvutika ndi utsi nthawi zonse". Mawu amenewo ofesala amawayankha mosavuta kuti tiona. Koma mukati moto unayatsidwa kasanu ndi kawiri m'masiku 28, pa mtunda wa mapazi akutiakuti kuchokera ku Sitandade 1, akusowa pothawira. Lembani zoona zokhazokha, chifukwa kukokomeza kamodzi kumagwetsa kope lonse.

Kalatayo ipite kwa bwanamkubwa wa boma, makope apite kwa mkulu woona zachilengedwe pa boma, ofesi ya zaumoyo, khansala wa wodi yanu ndi wapampando wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lanu. Isapitirire tsamba limodzi. Isainidwe ndi komiti ya msika, komiti ya sukulu ndi a mfumu, osati inu nokha, kuti nkhani isaoneke ngati mkangano wa munthu mmodzi ndi wotolera ziphaso. Pemphani zinthu zowerengeka: kuwotcha kuleke pofika tsiku lakuti, mtaya usunthidwe kutali ndi sukulu, zowola zipatulidwe kwa mapulasitiki. Mupite ndi makope awiri, lina adinde n'kukubwezerani. Popanda chidindo, kalata "imasowa".

Zopatula zinyalalazi musazione zazing'ono. Zowola zikapita ku maenje a kompositi, mulu wotsala umachepa kwambiri, ndipo alimi a madimba a ku Lizulu ndi Tsangano, ndi mtengo wa feteleza umene ulipowu, manyowa sangawakane. Khonsolo ikati ilibe galimoto yonyamulira zinyalala, inu muli kale ndi yankho losafuna galimoto.

Nkhani ya ndalama ndiyo imagwedeza ofesi. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakupatsani mphamvu yofunsa zimene ofesi ya boma ikusunga, ndipo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Funsani zinthu ziwiri: ndalama za chiphaso zimene zinatoleredwa pa msika wanu chaka chatha, ndi zimene zinagwira ntchito ya ukhondo pa msika womwewo. Funso likakhala lotambalala, monga "ndalama zathu zimapita kuti", mulandira yankho lotambalalanso. Akakhala chete kapena akakana, dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, lomwe limayang'anira lamuloli.

Samalaninso nthawi. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, ndiye bajeti ya khonsolo imakonzedwa miyezi ya m'mbuyo mwake. Pempho lofika mu May limapeza mphika utaphulidwa kale. Nkhaniyi ilowe ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ikwere ku ADC, ilembedwe m'maminitsi chaka chisanathe, ndipo khansala wanu mum'funse tsiku limene akaitule ku msonkhano wa khonsolo yonse. Tsikulo mupite anthu angapo mukakhale kumbuyo n'kumamvetsera.

Pakatha mwezi popanda kanthu, lemberani MEPA ku Lilongwe, mutaphatikiza kalata yodindidwa ija ndi zithunzi. Ngati vuto ndi ofesi yosayankha nzika, ofesi ya Ombudsman ilipo chifukwa cha zomwezo, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere. Khoti likhale lomaliza, poti limadya nthawi ndi ndalama, koma si lopanda ntchito. Boma litaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 mu 2015, makampani analimbana nalo m'makhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la Supreme Court linagamula kuti chiletsocho chikhale. Majumbo omwewo akupsabe kuseri kwa mashedi anu. Apa ndi pamene mudziwe kuti ku Malawi kuno malamulo abwino tili nawo, chimene chimasowa ndi munthu wolondola kuti akutsatidwa.

Za kusintha kwa nyengo si za ku Lilongwe kokha. Mu 2021 boma linalonjeza ku United Nations kuti pofika 2040, poyerekeza ndi mmene ukanachulukira popanda kuchitapo kanthu, lidzachepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 6 peresenti pa mphamvu zake, mpaka 51 peresenti likathandizidwa ndi mayiko ena, ndipo zinyalala ndi gawo limodzi la lonjezolo. Mu 2019 linayambitsa msonkho wa kaboni pa magalimoto. Phungu wanu ali ndi mphamvu yofunsa nduna ku Nyumba ya Malamulo kuti ndalama zimenezo zagwira ntchito yanji, ndipo boma la Ntcheu lapezapo chiyani. Mulembereni funsolo m'manja, chiganizo chimodzi. Inde, mayiko olemera ndiwo anawononga kwambiri mlengalenga, ndipo Amalawi analipira ndi miyoyo pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Koma zimenezo sizichotsa udindo wa khonsolo pa mulu umene uli pafupi ndi kalasi ya mwana wanu.

Chimodzi chimene chingakugwetseni mphwayi: ofesala akabwera, adzafunsa amene amayatsa motowo. Nthawi zambiri amakhala ogulitsa anzanu kapena waganyu wosesa, amene alibe kwina kotayira. Musam'pereke munthuyo ngati wolakwa, chifukwa nkhani idzathera pa iye, mulu n'kutsala pomwepo. Komiti ya msika igwirizane kaye kuti siyiyatsanso, ilembe zimenezo m'kalata, kenako ifunse khonsolo tsiku limene ibwere kudzachotsa zimene zaunjikana. Pamene mukudikira, apempheni aphunzitsi kuti tsiku la utsi mwana wanu azikhala kalasi ya kutali ndi mtaya, mankhwala ake opopera ali m'chikwama.